Kuchokera ku Oldham Kufika ku Liwonde: Mbiri ya Ana a M'botolo

 A Mkonzi atandipempha kuti ndilembeko kanthu ka mbiri yakale m'kalata yathu ino, ankayembekezera kuti ndilemba za njanji ya ku Nayuchi, kapena za m'mene boma la Balaka linapatukira ku Machinga m'chaka cha 1998, ife tili Fomu 4. Andikhululukire. Nkhani imene yandigwira mtima ndi ina, ndipo inayambira pa msonkhano wathu womwe uja wa ku Liwonde.

Tsiku limenelo, anthu atakhuta chambo ndi kuyamba kukumbutsana za mgaiwa ndi nyemba zofumbwa, mnzathu wina wa m'kalasi mwathu anandikokera pambali, cha kumtsinje. Dzina lake sinditchula, ngakhale iye ndi alamu anandilola kulemba izi. Akhala m'banja zaka 11 opanda mphatso. Iye anati: "Achimwene, puloti ija ya ku Balaka tagulitsa. Tikupita ku Joni kukayesa za m'botolo zija. Ndipo ndikawauza madokotala kuti aikemo awiri kapena atatu, alamu anu akangochira kamodzi tithane nazo. Ndalama yake si yobwereza." Ndinamugwira chanza ndi kumufunira mafuno abwino, koma mawu akuti "awiri kapena atatu" anandikhala pamtima mpaka kunyumba. Ine si dokotala. Ku Chancellor College ndinaphunzira mbiri ndi za chiwerengero cha anthu, ndipo ntchito yanga m'boma ndi ya mafaelo ndi manambala. Tsono ndinachita chokhacho chimene ndimadziwa: ndinayamba kufufuza kuti amayi ndi ana amene anadutsa njira imeneyi zinawathera bwanji.

Ambiri mukukumbukira tsiku limene aphunzitsi athu a Biology anatchula koyamba za ana a m'botolo, tili Fomu 3. Kalasi yonse inafa ndi phwete, poti tinkaganiza za timabotolo tija ta mu labu, timene tinkawiritsiramo tsamba pofuna kuona ngati muli sitachi, ndi kumadabwa kuti mwana angakwanemo bwanji. Zoona zake n'zakuti mwana sakulira m'botolo ayi. Madokotala amachotsa mazira mwa mayi, amawakumanitsa ndi umuna m'kambale kakang'ono, ndipo pakapita masiku awiri mpaka asanu amatenga kamluza kamene kapangika ndi kukaika m'chiberekero. Kuyambira pamenepo mimba ndi mimba basi, ndi zovuta zake zonse. Njira imeneyi ndiyo imatchedwa IVF.

Tisanawoloke nyanja, tiyambe ndi kwathu, chifukwa kuthandiza banja kuti libereke sikunayambe ndi azungu. Makolo athu anali ndi njira zawo. Banja likakhala chaka, zaka ziwiri, osamveka kulira kwa khanda, ankhoswe ankayamba kunong'onezana. Choyamba kunali kwa asing'anga, kukatenga mizu yomwa ndi yosamba, amati yotsegula njira. Zikakanika, ndipo akuluakulu akaona kuti vuto lili kwa bambo, uja timamunena mwachipongwe kuti anagwa mu mpapaya, m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati ndi chakum'mwera ankapangana za fisi: mwamuna wina wolowa m'nyumba usiku mwachinsinsi, mwini nyumba atapita dala kwina. Mwana wobadwayo ankakhala wa mwini nyumba, ndipo odziwa ankatseka pakamwa mpaka kumanda.

Sindikulemba izi kuti tiwaseke makolowo. Iwo ankadziwa kuwawa kwa dzina loti chumba kapena gojo, makamaka kwathu kuno kwa chikamwini, kumene mkamwini wosabereka amaonetsedwa msewu ndipo mayi wopanda mwana amasowa pokhala pakati pa mbumba. Chimene ndikuona ine, monga munthu wa mafaelo, n'chakuti njira zimenezi zinalibe kaundula. Palibe ankawerenga kuti mwa amayi amene analowedwa ndi fisi, angati anatenga chindoko kapena chinzonono, angati anapita padera, ana angati anakula. Chinsinsi sichikhala ndi buku. Matenda a Edzi atapezeka koyamba m'Malawi m'chaka cha 1985, fisi anasanduka fisi weniweni, wolowa ndi imfa m'nyumba, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 linamuika pa mndandanda wa miyambo yoletsedwa. Komanso mizu ya asing'anga, ngakhale itawawa chotani, singatsegule chubu chimene chinatsekeka ndi chipsera. Amayi ambiri osabereka kuno ku Africa vuto lawo limakhala limenelo: machubu owonongeka ndi matenda opatsirana pogonana, kapena ndi matenda olowa pochira ndi popita padera. Ife a m'mbali mwa Shire, Malombe, Chiuta ndi Chilwa tili ndi mdani winanso, likodzo. Tinakula tikuyesa kuti kukodza magazi ndi chizindikiro cha kukula, koma kafukufuku amene anachitikira pa chipatala cha Mangochi ndi kusindikizidwa m'chaka cha 1996 anaonetsa kuti mazira a tizilombo ta likodzo amakhazikikanso m'ziwalo zoberekera za amayi ndi kuziwononga.

Wina anganene kuti ku Machinga si kodandaulira kusowa kwa ana. N'zoona kuti kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi wa ku Machinga ankabereka ana 6.6 pa moyo wake tikagawa mofanana, pamene dziko lonse linali pa 4.4. Koma kumene ana ali mbwee ndi kumene wosabereka amaonekera kutali. Ku Balaka, bungwe la kafukufuku la Tsogolo la Thanzi, limene linayamba kucheza ndi achinyamata a m'tauni ndi m'midzi yozungulira m'chaka cha 2009, linawafunsa m'chaka cha 2015 ngati akuganiza kuti angakhale osabereka. Anthu 8 mwa 100 alionse, amuna ndi akazi omwe, anasonyeza nkhawa imeneyo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza m'chaka cha 2023 kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu ndi mmodzi amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake. Mnzathu uja sali yekha, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa inu owerenga mukudziwa bwino zimene ndikunena.

Tsopano tipite ku Mangalande. Usiku wa pa 25 July 1978, pa chipatala cha m'tauni ya Oldham, kunabadwa mwana wamkazi dzina lake Louise Brown, wolemera makilogalamu 2.6, kudzera pa opareshoni. Mayi ake, Lesley Brown, anali atakhala zaka zisanu ndi zinayi osatenga pakati kaamba ka machubu otsekeka, vuto lomwe lija la amayi athu. Amene anagwira ntchitoyi anali atatu: dokotala wa amayi Patrick Steptoe, katswiri wa sayansi Robert Edwards, ndi namwino Jean Purdy. Nyuzipepala zinalemba ngati chozizwitsa cha usiku umodzi, koma mabuku amene Purdy ankalembamo zonse ndi dzanja lake amafotokoza zina. Atawawerenga bwino patapita zaka zambiri, akatswiri anapeza kuti pakati pa 1969 ndi 1978 amayi 282 anadzipereka kuyesa njirayi, ndipo ana amoyo amene anabadwa mwa iwo anali awiri okha: Louise, ndi mnyamata Alastair MacDonald amene anabadwa mu January 1979. Mimba yoyamba imene anaipeza zaka zapambuyo Louise asanabadwe inakhala m'chubu, kunja kwa chiberekero, ndipo inayenera kuchotsedwa. Amayi ena onsewo anabwerera kwawo chimanjamanja, ndipo mayina awo sitiwadziwa. Edwards analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2010. Steptoe anali atamwalira mu 1988, ndipo Purdy mu 1985 ali ndi zaka 39 zokha. Dzina la mayiyu linasiyidwa pa chikwangwani cha chikumbutso ku Oldham ngakhale Edwards anadandaula. Ife ogwira ntchito m'boma sitidabwa: wosunga buku sakumbukiridwa pa tsiku la zokamba.

Onani chinthu chimodzi: Louise Brown anachokera ku dzira limodzi ndi mluza umodzi. Za kuika ambiri zinadza pambuyo. Madokotala a ku Melbourne, ku Australia, anayamba kupatsa amayi mankhwala oti atulutse mazira ambiri nthawi imodzi, ndipo popeza kuti mwayi woti mluza umodzi ugwire unali wochepa kwambiri masiku amenewo, ankaika awiri, atatu, anayi, monga mlimi wobzala njere zambiri paphando poopa kuti zina sizimera. Mimba zinachuluka ndithu. M'chaka cha 1981 ku Melbourne kunabadwa mapasa oyamba a m'botolo, ndipo mu January 1984 mayi wina kumeneko anabereka ana anayi nthawi imodzi. Zithunzi zinali zokongola. Zipatala zinayamba kupikisana pa chiwerengero cha amayi otenga pakati, poti chimenecho ndicho chinkakopa anthu olipira.

Amene anasokoneza chikondwererocho anali munthu wowerenga. Dokotala wa ana Paul Lancaster wa ku Sydney anatsegula kaundula wa mimba zonse za IVF za ku Australia kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ndipo m'chaka cha 1985 kaundulayo anaonetsa kuti ana ambiri zedi ankabadwa masiku osakwana ndiponso opepuka. Maiko ena atayamba kuwerenga anapeza zomwezo. Ku Britain, kumene lamulo la 1990 linakhazikitsa bungwe la HFEA loyang'anira zipatala zotere ndi kusunga kaundula, zinaoneka kuti m'zaka za m'ma 1990 amayi oposa mmodzi mwa anayi ochira kudzera mu IVF ankabereka mapasa kapena kuposera apo. Ndipo chiberekero cha munthu, kunena mwatchutchutchu, chinalengedwera mwana mmodzi. Mapasa oposa theka amabadwa masabata 37 asanakwane. Mwana wobadwa msanga amavutika kupuma, kuyamwa ndi kusunga kutentha m'thupi, ndipo ena amene apulumuka amakula ndi kulumala kochokera ku ubongo. Kwa mayi, mimba ya mapasa imachulukitsa kawiri kapena katatu vuto lija la kuthamanga kwa magazi limene limatupitsa miyendo ndi nkhope ndi kukomola, imachulukitsanso kutaya magazi pochira ndi kupita ku opareshoni. Pa ana atatu zonsezi zimanyanya.

Tsono funso linali lakuti: kodi tikaika mluza umodzi, sitikumana mayi mwayi wake? Madokotala a ku Finland ndi ku Belgium anayamba kuyesa m'chaka cha 1999, koma yankho lomveka linachokera ku kafukufuku wotsogoleredwa ndi a ku Sweden amene anasindikizidwa m'chaka cha 2004. Anatenga amayi 661 osapitirira zaka 35 ndi kuwagawa pawiri mwa maere. Gulu loyamba analiikira miluza iwiri nthawi imodzi. Gulu lachiwiri analiikira umodzi, ndipo winawo anausunga m'malo ozizira kwambiri kuti adzauike pambuyo ngati woyamba sunagwire. Mwa amayi 100 a gulu loyamba, pafupifupi 43 anabereka mwana wamoyo. A gulu lachiwiri, pafupifupi 39. Kusiyana kwake n'kochepa. Koma mwa ochira a gulu loyamba, mmodzi mwa atatu anabereka mapasa, pamene m'gulu lachiwiri sanakwane ndi mmodzi yemwe mwa 100. Manambala amenewa ndinawalemba pa kapepala ndi kukaika m'thumba la malaya.

Maboma anatsatira. Dziko la Belgium m'chaka cha 2003 linauza nzika zake kuti lizilipira maulendo asanu ndi limodzi a IVF, koma kwa mayi wachitsikana, pa ulendo woyamba aziika mluza umodzi basi. Ku Britain kampeni yolimbikitsa mwana mmodzi pa nthawi inayamba m'chaka cha 2007, ndipo pofika 2021 mapasa a IVF anali atatsika kufika pa amayi 5 mwa 100 ochira, mwayi wobereka osatsika, m'malo mwake unkakwera chifukwa luso la mu labu linkapita patsogolo. Ku America, kumene boma silinaike malire a lamulo, mayi wina wa ku California anabereka ana asanu ndi atatu mu January 2009 atamuikira miluza 12, ndipo dokotala wake analandidwa chiphaso m'chaka cha 2011.

Nanga mapasa tikawachotsa pa chiwerengero, mwana mmodzi wa m'botolo amafanana ndi anzake? Pafupifupi, koma osati ndendende. Amakhala ndi mpata wokulirapo pang'ono wobadwa msanga kapena wopepuka. Kafukufuku wa ku Western Australia wa 2002 anaopsa anthu ponena kuti zilema zobadwa nazo zinali zowirikiza kawiri, koma atasonkhanitsa ziwerengero za maiko ambiri zinaoneka kuti kusiyana kwake n'kocheperapo: pamene ana pafupifupi atatu mwa 100 amabadwa ndi chilema chachikulu mwa anthu onse, mwa a IVF amakhala pafupifupi anayi. Amayi nawo amakumana kawirikawiri ndi vuto la nsengwa yotsekereza njira, ndipo mankhwala otulutsira mazira nthawi zina amatupitsa mimba ndi madzi mpaka mayi kugonekedwa. Miluza yosungidwa mozizira imabala ana okulirapo, ndipo amayi ake amayenera kuyezedwa kuthamanga kwa magazi mosamala. Chimene chinandichititsa chidwi ndi kafukufuku wa ku Norway wa 2008. Iwo anayerekeza ana a mayi mmodzi, wina wa m'botolo ndi wina wobadwa mwa chilengedwe, ndipo anapeza kuti kusiyana kwa kulemera ndi masiku obadwira kunatsala pang'ono kutheratu. Ndiye kuti mbali yaikulu ya vuto si botolo, koma chomwe chija chinalepheretsa banjalo kubereka poyamba, kuphatikizapo msinkhu wa mayi. Lero ana oposa 10 miliyoni abadwa mwa njira imeneyi, ndipo ambiri zedi akula bwinobwino. Louise Brown mwiniwake anabereka mwana wake woyamba m'chaka cha 2006 popanda thandizo la madokotala a m'botolo.

Kuno ku Africa njirayi sinachedwe kufika monga m'mene tingaganizire. Mwana woyamba wa m'botolo ku South Africa anabadwa m'chaka cha 1984 kudzera mu ntchito ya madokotala a chipatala cha Tygerberg ku Cape Town. Ku Lagos anabadwa mu 1989, ku Nairobi mu 2006. Chimene chinachedwa ndi kaundula. Bungwe la ANARA, losonkhanitsa ziwerengero za zipatala za IVF za mu Africa, lochokera ku yunivesite ya Cape Town, linatulutsa zotsatira zake zoyamba za chaka cha 2013, zochokera ku zipatala 40 za m'maiko 13. Zinaonetsa kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi ochira anabereka mapasa kapena ana atatu. Ndiye kuti Africa ya 2013 inali pamene Britain inali m'zaka za m'ma 1990. Chifukwa chake si umbuli wa madokotala athu. Ndi thumba. Kumene banja likulipira lokha, litagulitsa munda kapena ng'ombe, limachonderera dokotala kuti aikemo ambiri, monga mnzathu ankafunira. Palinso mapiritsi otchedwa clomiphene, otulutsira mazira, otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi IVF, amene amabweretsa mapasa pa mimba 5 mpaka 10 mwa 100. Alamu anandiuza kuti iwo anamwako miyezi ingapo atapatsidwa ndi mnzawo wa ku msika, popanda wowayeza, pamene vuto lawo linali la machubu limene mapiritsiwo sangalithe.

Apa m'pamene nkhani ya ku Oldham ikukumana ndi ya ku Liwonde. Mabanja onse amene ndikuwadziwa kuti anayesa njirayi anapita kunja, ena ku South Africa, ena ku India, ena ku Kenya. Kumeneko amakhala masabata ochepa. Mimba ikagwira amakwera basi kapena ndege kubwerera, ndipo miyezi yotsalayo, sikelo, chidikiro ndi tsiku lochira zonse zimakhala za kuno. Dokotala amene anaika miluza itatu ku Johannesburg sadzakhalapo usiku umene matenda adzayambe miyezi isanu ndi iwiri, ku Ntaja kapena ku Phalula, mvula ili pakati. Adzakhalapo ndi namwino wa pa chipatala chaching'ono, kenaka ambulansi yopita ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka, ndipo zikavuta, ulendo wina wa ku Zomba Central.

Ndisanamizire dziko lathu kuti lakhala manja lende. Amayi omwalira pa uchembere anatsika kuchoka pa 1,120 mwa ana 100,000 obadwa amoyo pa kafukufuku wa 2000, kufika pa 439 pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Ndipo pali chinthu chokoma m'mbiri: chaka chomwe chija cha 1978 chimene Louise Brown anabadwa, ku Bogotá m'dziko la Colombia dokotala Edgar Rey, atasowa makina okwanira ofunditsira ana osakwana masiku, anayamba kuwamangirira pa chifuwa cha amayi awo, khungu ndi khungu. Njira ya kangaruu imeneyi inafika pa chipatala cha Zomba Central m'chaka cha 1999 ndi kufalikira m'maboma. Pambuyo pake kunabwera kamakina kothandiza makanda kupuma kotchedwa Pumani, kamene akatswiri a yunivesite ya Rice ku America anakonza pamodzi ndi madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ana ambiri amene kale tikanangowakulunga m'nsalu ndi kudikira, lero akuyenda. Komabe lipoti la WHO ndi anzake la 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse pa ana obadwa masiku osakwana, 18 mwa 100 alionse, kutanthauza kuti zipinda za makanda m'zipatala zathu zinali zodzaza kale popanda kuwonjezerapo mapasa ochita kupanga. Ndipo akatswiri Christiaan Monden ndi Jeroen Smits, atawerenga ziwerengero za maiko 30 a kum'mwera kwa Sahara, analemba m'chaka cha 2017 kuti mwana mmodzi mwa mapasa asanu ankamwalira asanafike zaka zisanu, kuwirikiza katatu ana obadwa okha.

Nambala imeneyo kwa ine ili ndi nkhope. Tili Fomu 2, achemwali anga aakulu kumudzi, cha ku Chiuta, anachira mapasa aamuna mimba isanakwane miyezi isanu ndi itatu. Palibe ankadziwa kuti ndi awiri. Woyamba anabadwira m'nyumba, wachiwiri pa chipatala chaching'ono kumene anawanyamulira pa machira usiku. Achemwali anataya magazi ambiri ndipo anapulumuka chifukwa amalume anapereka awo. Wachiwiri uja anakhala masiku atatu. Ine ndinamva nkhaniyi pa kalata imene inandipeza kusukulu patapita masabata awiri, ndipo ena mwa inu mukukumbukira kuti sindinadye mgonero tsiku limenelo. Woyambayo anakula, ndi mphunzitsi tsopano, wamtali kuposa ine. Ndikudziwanso kuti m'kalasi mwathu momwe munali mapasa amene ankatigonjetsa tonse pa masamu ndi pa mpira. Mapasa amene Mulungu wapereka timawalandira ndi manja awiri. Ine ndikukamba za opempha dala kwa dokotala.

Nditamaliza kuwerenga ndinapita kwa mnzathu Loweruka lina ndi kapepala kanga kaja. Tinakhala pakhonde, alamu anatiikira tiyi ndi mbatata, ndipo ine ndinayala zonse: za Melbourne, za Sweden, za 43 ndi 39, za mmodzi mwa asanu. Ndinalankhula nthawi yaitali ngati ndili pa msonkhano wa ku ofesi. Mnzanga ankangogwedeza mutu. Amene anandiyankha ndi alamu, amene nthawi yonseyo anali phee pa mphasa. Iwo anati: "Alamu, tamva, ndipo zikomo. Koma amayi a ku Sweden aja, mluza woyamba utakanika, wachiwiri anakautenga kutali bwanji? Si basi ya m'tauni yomweyo? Ife wathu adzatsala ku Joni. Pasipoti, thiransipoti, kogona, tchuthi cha ku ntchito, zonse kachiwiri. Puloti inali imodzi. Inu muli ndi ana atatu. Ine ndili ndi zaka 38."

Ndinasowa chonena, ndipo ndikuvomera pamaso panu kuti ndinachita manyazi. Zimene ananena n'zoona. A ku Belgium anatha kulamula mluza umodzi chifukwa boma lawo linalonjeza kulipira ulendo wachiwiri ndi wachitatu. Malangizo anga anali otsika mtengo kwa ine, okwera mtengo kwa iwo. Komanso kafukufuku uja anali wa amayi osapitirira zaka 35. Kwa mayi wa zaka 38 madokotala amayeza zinthu zina, monga ubwino wa miluza imene yapezeka, ndipo ngakhale malamulo a ku Belgium amalola iwiri pa msinkhu wokulirapo kuyambira pa ulendo woyamba. Chimene ndinaumirira ndi chimodzi: atatu ayi, zivute zitani. Ndinawapemphanso kuti akafunse mtengo wosungira miluza yotsala ndi wodzaiika pambuyo, popeza umakhala wocheperapo kusiyana ndi kuyambiranso zonse. Kuti akafunse chipatalacho osati kuchuluka kwa amayi otenga pakati kokha, koma kwa amene anapita kwawo ndi mwana wamoyo, ndi angati mwa iwo anali a mapasa. Ndiponso kuti akabwere ndi kalata yofotokoza zonse zimene zachitika, yokaonetsa ku sikelo tsiku loyamba, osabisa poopa miseche, kuti anamwino akadziwe kuti mimba iyi njofunika diso lapadera ndi kuchirira pa chipatala chachikulu. Pa mfundo yomalizayi tinakanganako pang'ono, poti mnzanga sankafuna kuti anthu adziwe. Ndinamukumbutsa kuti za fisi zija nazo zinali za chinsinsi.

Mafunsowo ndinawalemba kuseri kwa kapepala komwe kaja, ndipo alamu anakapinda ndi kukaika m'chikwama momwe munali mapasipoti. Mwezi wathawu ndinawaperekeza ku Blantyre kokwerera mabasi a ku Joni. Tinafika m'bandakucha, kukuzizira, amalonda akumanga katundu wawo pamwamba pa ngolo. Mnzanga anali ndi nthabwala zambiri ngati masiku a ku hositelo, koma alamu anali chete, atafumbata chikwamacho pachifuwa. Za umodzi kapena iwiri sanandiuze chimene anagwirizana, ndipo ine sindinafunse. Kondakitala ataitana, tinagwirana chanza, iwo anakwera, ndipo ndinaima pomwepo mpaka basi inakhota kulowera msewu wa ku Mwanza.